Ngongole ya Woyendetsa Galimoto kwa Munthu Woyenda Pansi

Awa ndi mawu amene mmodzi wa mamembala a komiti ya chitukuko cha m'dera, yemwe adagwirapo ntchito yoyendetsa malole kwa zaka zambiri, adalankhula pamsonkhano wa mafumu, oyendetsa galimoto ndi akabaza pa Phalula.

 

Mwandipatsa mutu wa malamulo a pamsewu ndi udindo wa woyendetsa galimoto. Sindine loya, ndiponso sindinavalepo yunifolomu ya polisi. Chimene ndili nacho ndi zaka zimene ndinakhala pampando wa lole, kuyambira masiku amene Phalula inali pansi pa boma la Machinga, Balaka isanakhale boma palokha m'chaka cha 1998. Pa zaka zonsezo ndinaphunzira chinthu chimodzi, ndipo ndinachiphunzira mochedwa. Ife madalaivala timaganiza kuti lamulo la pamsewu ndi nkhani ya pakati pa ife ndi wapolisi. Tikamuona patali timachepetsa liwiro, timamanga lamba, timabisa foni. Tikangomudutsa timabwerera ku zathu. Koma lamulolo silinalembedwe chifukwa cha wapolisi. Linalembedwa chifukwa cha mayi amene wasenza mtolo wa nkhuni m'mphepete mwa msewu, mwana amene akuwoloka kupita kusukulu, ndi agogo amene akhala kumbuyo kwa njinga akupita kuchipatala. Wapolisi ndi wotolera ngongole chabe. Mwini ngongole ndi munthu woyenda pansi.

Tiyambe ndi msewu wathu uwu. M1 ndi msana wa dziko la Malawi, ndipo ife a Phalula tikukhala pamsanapo. Kummwera kwathu, pa Zalewa, msewu wochokera kuchipata cha Mwanza umathira mu M1 malole ochokera ku Tete, ku Beira, ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Kumpoto kwathu, pa Chingeni, pali mphambano ya ku Balaka ndi Liwonde, pomwenso galimoto zinayamba kulipira msonkho wa msewu m'chaka cha 2021. Pakati pa malo awiriwa msewu uli ndi zigawo zazitali zowongoka. Dalaivala amene wachedwa pa Zalewa amafuna kubweza nthawi yake pano, ndipo amene wachedwa pa Chingeni amafunanso kuibwezera pano pomwe. Kwa iye Phalula ndi dzina la pachikwangwani. Kwa ife ndi pakhomo: pano tikugulitsa makala, malambe, masawu ndi mbuzi, pano ana athu akusewera, pano tikuwoloka ndi maliro kupita kumanda. Munthu wothamanga ndi munthu wokhala akukumana pamalo amodzi, ndipo chowalekanitsa ndi lamulo lokha.

Lamulo lalikulu pankhaniyi ndi Road Traffic Act, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'chaka cha 1997. Nthambi ya boma yoona za ziphaso ndi chitetezo cha pamsewu, imene ambiri timangoti a Road Traffic, ndiyo imayesa madalaivala, kulembetsa galimoto ndi kupereka ziphaso. Apolisi a pamsewu amaonetsetsa kuti lamulo likutsatidwa, ndipo mabwalo a milandu ndiwo amagamula. Sindikuwerengerani ndime ndi ndime. Ndiligawa lamuloli patatu monga momwe ulendo umagawikira: musananyamuke, muli pamsewu, ndi pamene ngozi yachitika.

Musananyamuke, lamulo likufunsani zinthu zinayi. Choyamba ndi laisensi, ndipo ikhale yogwirizana ndi chimene mukuyendetsa. Laisensi ya galimoto yaing'ono si ya lole, ndipo njinga yamoto ili ndi laisensi yakeyake. Amene amanyamula anthu olipira kapena katundu wa malonda pa galimoto zazikulu amafunikanso chilolezo chapadera cha dalaivala wa ntchito. Chachiwiri ndi kulembetsa: galimoto kapena njinga yamoto ikhale ndi nambala, kuti ikapalamula ipezeke mwini wake. Chachitatu ndi chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ili bwino, chimene timachitcha COF. Chachinayi ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene galimoto yanu ingawavulaze kapena kuwawonongera katundu.

Taonani bwino zinthu zinayizi. Palibe n'chimodzi chomwe chimene phindu lake lalikulu likupita kwa dalaivala. Laisensi ikuuza woyenda pansi kuti amene akubwerayo adayesedwa maso ndi manja. COF ikumuuza kuti mabuleki akugwira, matayala sanathe, nyali zikuyaka. Nambala ikumuuza kuti munthuyu sangathawe n'kusowa ngati mphepo. Inshuwalansi ikumuuza kuti zikavuta, ana ake sadzatsala manja ali m'khosi. Choncho munthu amene wagula COF pakhomo la kuseri, galimoto yake osaonedwa n'komwe, sanapusitse boma ayi. Wapusitsa mwana wa mnzake, ndipo tsiku lina akhoza kupeza kuti mwanayo ndi wake.

Eni galimoto ndi eni njinga, nkhaniyi ikukukhudzani ngakhale mutakhala kunyumba. Lamulo sililola kupatsa galimoto munthu amene alibe laisensi, ndipo wantchito wanu akavulaza munthu ali pantchito yanu, mlandu wa chipukuta misozi umafikanso pakhomo panu. Ndikudziwa momwe zimakhalira: mumagula njinga, mumapatsa mnyamata, mumamuuza ndalama imene azibweretsa tsiku lililonse, basi. Mnyamatayo akaona kuti dzuwa lapendeka ndalama isanakwane, amakweza anthu atatu panjinga ya anthu awiri. Liwiro lake mwalilamula ndinu, ngakhale simunagwire chiwongolero.

Tsopano tili pamsewu. Malamulo ake ndi ambiri, ndipo buku la Highway Code lili ndi onse. Dziko lathu timayenda kumanzere. Pamzere wosadukiza sitipitirira galimoto inzathu. Pokhota ndi pokwera chitunda, pamene sitikuona kutsogolo, timadikira. Timamanga lamba, ndipo wapanjinga yamoto ndi wokwera wake amavala helemeti. Galimoto ikawonongeka panjira timaika zizindikiro zofiira za makona atatu, osati nthambi za mitengo zimene timazisiya pomwepo tikachoka. Koma lero ndikhazikika pa zitatu zimene zimatiphera anthu kwambiri: liwiro, mowa ndi foni.

Za liwiro ndikupatsani masamu osavuta, oti aliyense apite nawo kunyumba. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Yoyenda makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28. Dalaivala wamaso, wosatopa, amatha sekondi imodzi kapena kupitirira kuchokera pamene waona mwana kufikira pamene phazi lake lafika pabuleki. Komanso mabuleki ali ndi lamulo lawo limene silinapangidwe ndi Nyumba ya Malamulo: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti galimoto iime umawirikiza kanayi. Tikaphatikiza zonsezi, pa tala wouma, galimoto yaing'ono ya mabuleki abwino yoyenda pa 50 imaima itayenda mamita pafupifupi 30. Yoyenda pa 100 imafuna mamita oposa 80. Mvetsani apa: pamalo pamene woyenda pa 50 waima n'kutsegula windo kuti akalipire mwanayo, woyenda pa 100 ndiye kuti phazi lake langofika kumene pabuleki. Ndipo imeneyo ndi galimoto yaing'ono. Lole yodzaza simenti kapena feteleza imafuna mtunda wotalika kuposa pamenepo. Chikwangwani chochepetsa liwiro chimene chili polowa pa Phalula sichinaikidwe kuti apolisi apezerepo ndalama. Chinaikidwa chifukwa mamita 50 osiyanawo ndiwo moyo wa mwana. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika.

Za mowa, lamulo laika malire a magalamu 0.08 a mowa pa mamililita 100 a magazi, ndipo apolisi ali ndi mphamvu yomuyesa dalaivala. Koma ine ndikuti musamawerenge mabotolo. Mowa umayamba ndi kuba chinthu chimene mukanadziwira kuti mwaledzera. Munthu amadzimva kuti manja ake afewa ndipo akuyendetsa bwino kuposa kale, pamene sekondi imodzi ija yasanduka ziwiri. Kachasu wa pamsika, timabotolo ta m'thumba, chamba, ngakhale tulo ta munthu amene wayenda usiku wonse kuchokera kuchipata, zonsezi zimachita ntchito imodzi.

Za foni, masamu ndi omwe aja. Mukayang'ana uthenga kwa masekondi anayi muli pa 100, mwayenda mamita oposa 110, kutalika koposa bwalo la mpira, muli wakhungu. Ndani mwa ife angavomere kumangidwa nsalu kumaso n'kuyendetsa galimoto kudutsa pamsika wa Phalula tsiku la msika? Komatu timachita zimenezi tsiku ndi tsiku.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse, ndiponso kuti ngozizi ndizo zikutsogola pa zonse zimene zimapha ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29. Oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto, ndiye kuti anthu ngati ife. Maiko a mu United Nations, Malawi ali momwemo, adagwirizana kuti pakati pa 2021 ndi 2030 achepetse imfa zimenezi ndi theka. Lonjezo limenelo silidzakwaniritsidwa ku New York kapena ku Capital Hill. Lidzakwaniritsidwa, kapena kulephereka, pa malo ngati Kam'mwamba, Phalula ndi Senzani.

Ndafika pa gawo lachitatu, limene ndi lovuta kwa ine. Ngozi ikachitika, lamulo likuti dalaivala aime pomwepo, aone ngati pali wovulala, amuthandize monga momwe angathere, apereke dzina lake, kumene amakhala ndi nambala ya galimoto, ndipo akanene kupolisi mwamsanga. Kuthawa pamalo a ngozi ndi mlandu paokha, woonjezera pa mlandu wa ngoziyo.

Ndikunena izi ngati munthu amene adaimapo pamalo otero. Zaka zoposa makumi awiri zapitazo, m'boma lina la chigawo chapakati, ndinkayendetsa lole ya abwana anga ena, dzuwa likulowa. Ndinali nditachedwa, ndipo ndinalowa pamalo a malonda ndi liwiro la kutchire. Mayi wina anatulukira kuseri kwa minibasi yoima, dengu lili pamutu. Ndinamuona. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse, koma mamita aja sanakwane. Mtima unandiuza kuti thawa, chifukwa anthu anali atayamba kale kutola miyala. Sindinganame kuti ndinaima chifukwa cha kulimba mtima. Miyendo yanga ndiyo inakana kugwira ntchito. Amene adandipulumutsa ndi mkulu wina wa m'mudzimo, amene adaima pachitseko cha lole n'kunena kuti: "Mukamupha uyu, mayiyu amutengera kuchipatala ndani?" Tinamunyamula mayiyo pa galimoto ina, ine ndili momwemo. Anachira, koma mwendo wake sunabwerere mwakale. Ine ndinaima m'khoti, ndinapezeka wolakwa, ndinalipira chindapusa, ndipo ntchito inandithera. Chifukwa choti ndinaima, apolisi analemba lipoti. Chifukwa cha lipotilo, ndiponso chifukwa inshuwalansi ya lole inali yamoyo, mayiyo analandira chipukuta misozi. Ndalamazo sizinamubwezere mwendo, pajatu pepani sapoletsa chilonda. Koma ana ake sanasiye sukulu.

Pa nkhani yangayi pali maphunziro awiri, ndipo limodzi ndi la inu amene simuyendetsa galimoto. Tikamagenda dalaivala, tikamawotcha galimoto, tikamatseka msewu ndi miyala n'kuyamba kuphwanya galimoto za anthu osalakwa, timaganiza kuti tikumenyera nkhondo m'bale wathu. Zoona zake n'zakuti tikuphunzitsa madalaivala onse a pa M1 kuti pa Phalula saima. Wovulala amene akanafika msanga kuchipatala cha boma ku Balaka kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre amatsala pa tala akutaya magazi. Galimoto imene inali umboni yasanduka phulusa, ndipo achinyamata athu ndiwo amakagona m'chitokosi pa mlandu wowononga katundu. Mkwiyo ndi womveka, ndipo ine sindingaunyoze. Koma mafumu anga, ndikupempha kuti m'mudzi uliwonse wa m'mphepete mwa msewu mukhale anthu odziwika amene ntchito yawo pangozi ndi ija ya mkulu uja: kuteteza dalaivala kuti akayankhe mlandu ali moyo, kulemba nambala ya galimoto, kuitana apolisi ndi kupeza chonyamulira wovulala.

Phunziro lachiwiri ndi la mawu aja timawakonda akuti "tingomvana". Dalaivala wagunda munthu, watulutsa ndalama pang'ono, abale alandira, nkhani yathera pansi pa mtengo. Pakapita miyezi itatu, fupa lakana kulumikizana, munthu sakuthanso kulima thonje lake, ndipo dalaivala sakuyankhanso foni. Dziwani kuti pangozi pamakhala milandu iwiri yosiyana. Woyamba ndi wa boma: kuyendetsa mosasamala, kuyendetsa ataledzera, kapena kupha munthu chifukwa choyendetsa mosalabadira. Chilango chake ndi chindapusa, ndende, kapena kulandidwa laisensi, ndipo chindapusacho chimapita kuboma, osati kwa wovulala. Wachiwiri ndi wa wovulalayo kapena banja la womwalira, wofuna chipukuta misozi kwa dalaivala, mwini galimoto ndi kampani ya inshuwalansi. Kuti mlandu wachiwiriwu uyende pamafunika lipoti la polisi ndi lipoti la chipatala. Amene alibe ndalama za loya akhoza kukapempha thandizo ku Legal Aid Bureau, ndipo asazengereze, chifukwa milandu yotere ili ndi nthawi yake yokasumira. Eni galimoto adziwenso kuti ndalama imene kampani ya inshuwalansi imalipira ili ndi malire, ndipo khoti likagamula zoposa pamenepo, zotsalazo zimachokera m'thumba mwawo.

"Tingomvana" winayo ndi wa palodibuloko. Lamulo lothana ndi katangale la 1995, limene linabala bungwe la Anti-Corruption Bureau, limaona wopereka chiphuphu ndi wolandira kuti onse ndi opalamula. Ngati mwalakwa, lipirani chindapusa ndipo mulandire lisiti ya boma. Ngati mukuona kuti simunalakwe, muli ndi ufulu wokana mlandu n'kukaonekera kukhoti. Koma minibasi ya matayala osalala ikadutsa palodibuloko chifukwa kondakitala watsika ndi kanthu m'manja, ndalama imeneyo siinagule chilolezo. Yagula bokosi la maliro, kungoti sitikudziwa kuti ndi la yani.

Kwa ana anga a kabaza ndili ndi mawu apadera. Ntchito yanu ndi yolemekezeka. Ndinu amene mumafikitsa amayi oyembekezera kuchipatala kuchokera kumidzi imene galimoto siifika, ndipo mabanja ambiri akudya chifukwa cha inu. Ndikudziwanso kuti ndalama za laisensi, nambala ndi inshuwalansi ndi zolemera kwa mnyamata amene akuyamba kumene, ndiponso kuti maofesi ake ali kutali. Dandaulo limenelo ndi loona, ndipo malo ake ndi pano, pamaso pa khonsolo. Koma kudula kwa chiphaso sikufewetsa tala. Pa galimoto, chitsulo ndicho chimayamba kuphwanyika. Panjinga, chimayamba ndi mutu wanu. Helemeti ikhale pamutu, yomangidwa pachibwano, osati yolendewera pachiwongolero, ndipo wokwera akhale ndi yake. M'magulu anu a pasiteji yambani kusonkha pang'onopang'ono monga amachitira a banki m'khonde, kuti mmodzimmodzi azipita kukayesedwa.

Nafenso oyenda pansi tili ndi mbali yathu, pakuti mwini ngongole naye sayenera kudziponya pansi pa matayala. Poyenda m'mphepete mwa msewu tiziyenda kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi galimoto zimene zikubwera. Usiku tivale chowala. Tisawolokere kuseri kapena kutsogolo kwa minibasi yoima. Mbuzi ndi ng'ombe zikhale ndi mbusa, ngolo ndi njinga zikhale ndi zonyezimira kumbuyo. Malo a msewu waukulu ngati M1 amafika mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu, ndipo benchi ya tomato ikafika pa tala penipeni, wogulitsa ndi wogula onse aika moyo wawo m'manja mwa mlendo amene sakumudziwa.

Ndimalize ndi zopempha zitatu kwa khonsolo yathu, zoti zilembedwe m'mabuku a msonkhano uno. Choyamba, khonsolo ikambirane ndi a Roads Authority za zikwangwani, mizere yowolokera ndi zochepetsa liwiro pamsika ndi pafupi ndi sukulu zathu, ndipo ife eni dera tilonjeze kuti zikwangwanizo sitidzazizula kukapangira makasu ndi mbaula. Chachiwiri, khonsolo ipemphe a Road Traffic kuti azibwera kuno pa masiku odziwika kudzaphunzitsa ndi kulembetsa akabaza. Chachitatu, papezeke malo oimikapo minibasi ndi ogulitsirapo malonda kunja kwa tala. Ndipo Lamulungu lachitatu la mwezi wa Novembala, limene dziko lonse lapansi limakumbukira anthu amene adafa pamsewu, ife a Phalula tidzasonkhane, mafumu atchule maina a anthu athu amene msewu uwu udatenga, madalaivala tili pomwepo tikumva.

Anzanga a chiwongolero, laisensi imene ili m'thumba mwanuyo si umboni woti msewu ndi wanu. Ndi kalata ya ngongole imene mudasainira, yolonjeza munthu amene simudzamudziwa dzina kuti mudzamusiya afike kwawo. Ine ndinalephera kubweza ngongole imeneyo tsiku limodzi lokha, kwa masekondi ochepa, ndipo mpaka lero ndikamva dengu likugwa pansi ndimatembenuka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukamatuluka pano n'kuliza injini, muyang'ane kaye amene ali m'mphepete mwa msewu.